Matenti a M'nyengo Yozizira ya 2008

Njira ya ku Joni ndi yakale kwa Mmalawi. Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay anali ali kale ku Cape Town pomwe mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU, lomwe linamenyera malipiro a anthu akuda a m'dzikolo. Agogo athu anatsatira kudzera ku Wenela ndi ku Theba, ndipo ngakhale pamene ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70 ochokera kumigodi, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo, mapazi a anthu sanaleke kuloza kummwera. Ndayambira kutali chonchi kuti owerenga adziwe kuti mwa anthu amene anagona m'matenti ku South Africa mu 2008 munali adzukulu a anthu amene anakumba nawo golide wa mzinda wa Johannesburg.

Zipolowe zinabuka pa 11 Meyi 2008 ku Alexandra, dera la anthu osauka loyandikana ndi Sandton, komwe kumakhala anthu olemera kwambiri. Magulu a anthu onyamula zikwanje ndi zibonga ankayenda khomo ndi khomo kusaka amene ankawanyoza kuti makwerekwere, ati akuwalanda ntchito ndi nyumba. Patangopita masiku ochepa moto unafika ku Diepsloot, Tembisa ndi Jeppestown, kenako ku Durban ndi Cape Town. Pa 18 Meyi, Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anawotchedwa wamoyo m'dera la Ramaphosa, ndipo chithunzi chake chinazungulira dziko lonse lapansi. Pulezidenti Thabo Mbeki analola asilikali kulowererapo pa 21 Meyi. Pomwe zinthu zinkazizira n'kuti anthu 62 atafa, 21 mwa iwo eni dziko, ndipo othawa m'nyumba zawo ena amawerengera kuti anafika 100,000.

Munthu wothawa nkhondo yakumudzi amalowa m'tchire kapena kuwoloka malire, monga anachitira abale athu a ku Mozambique pobwera ku Nsanje ndi Dedza. Wam'tauni alibe tchire. Amene akumuthamangitsa ndi mnzake woyandikana naye nyumba, amene dzulo anabwerekana naye mchere. Choncho anthu anathawira kupolisi ya Alexandra, ya Jeppe ndi ya Primrose, kuholo ya mzinda wa Germiston, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Taganizani munthu amene zaka zonse ankazemba wapolisi kaamba kosowa mapepala, lero akukagona pabwalo la wapolisi yemweyo, mwana kumsana, kunja kukuzizira.

Thandizo loyamba silinachokere kuboma. Anabweretsa buledi, supu, mabulangete ndi matewera anali anthu wamba a m'dziko lomwelo, akuda, azungu ndi amwenye, pamodzi ndi mipingo komanso mabungwe monga Red Cross, Gift of the Givers ndi Médecins Sans Frontières. Ku Cape Town, bungwe la Treatment Action Campaign, lomwe linatchuka pomenyera mankhwala otalikitsa moyo, linayamba laika pambali ntchito yake n'kumasonkhanitsa ndi kugawa katundu. Izi siziyenera kuiwalika tikamanena za nkhanza za chaka chimenecho.

Boma linabwera pambuyo, ndipo linabwera ndi misasa. Chodabwitsa n'chakuti South Africa sinali ndi chizolowezi chosunga anthu m'misasa, pakuti lamulo lake la 1998 limalola wothawa kwawo kukhala pakati pa anthu. Koma kumayambiriro kwa Juni mabasi anayamba kututa anthu kuwapititsa kumatenti a ku Glenanda ndi Rand Airport, pomwe msasa wina unali ku Akasia kufupi ndi Pretoria. Ku Cape Town kunali Soetwater, Blue Waters, Silwerstroom, Harmony Park ndi Youngsfield. Ambiri mwa malowa anali osangalalirako m'mbali mwa nyanja, abwino m'chilimwe, koma uku kunali pakati pa dzinja lakumeneko, nyengo ya mvula yozizira ndi mphepo yogwetsa matenti. Akuluakulu a mzindawo ndi a chigawo, omwe anali a zipani zosiyana, anataya nthawi akukangana ngati anthu akhale m'misasa ikuluikulu kapena m'maholo a m'madera mwawo.

Vuto lalikulu la misasayi, m'kuona kwanga, linali mtunda. Munthu wam'tauni amadya za ganyu wa tsikulo. Ukamuika kutali ndi kumene amasoka nsapato, kumeta anthu kapena kusamalira maluwa a bwana, wamupulumutsa ku chikwanje koma wamusandutsa wopempha. Ana analeka sukulu, ntchito zinatengedwa ndi ena, ndipo m'zisakasa zomwe anazisiya munalowa eni atsopano. Kwa amene anawathamangitsa, msasa unamaliza ntchito imene iwo anaiyamba: alendo aja anachokadi pamaso pawo.

Kenako kunabwera nkhani ya kalembera. Boma linalamula kuti aliyense wa pamsasa ajambulidwe n'kulandira chiphaso cha miyezi isanu ndi umodzi. Ife a m'maofesi a boma timaona fomu ngati chinthu chosalakwa, ndipo kangapo ineyo ndinadabwapo ndi munthu wokana kusayina pepala lomuthandiza yekha. Koma ku Glenanda kunali anthu omwe anali kale ndi mapepala owazindikira kuti ndi othawa kwawo, ndipo ankaopa kuti chiphaso chatsopanocho chifafaniza akalewo, miyeziyo ikatha n'kuwathamangitsa. Anakana. Mu Julayi anthu mazanamazana anatengedwa kupita ku Lindela, malo osungirako oyembekezera kubwezedwa kwawo, ndipo ambiri atatulutsidwa anagona masiku angapo m'mbali mwa msewu wa R28, amayi ndi ana omwe.

Chigawo cha Gauteng chinalengeza kuti misasa itsekedwa pa 15 Ogasiti. Mabungwe oimira othawa kwawo anakasuma mpaka kukhoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ponena kuti panalibe dongosolo lobwezera anthuwo mwamtendere kumadera omwe anathamangitsidwako. Khotilo linaimitsa kaye kutsekako, komabe pofika Okutobala matenti ambiri anali atazulidwa, ena anthu akadali pomwepo, atapatsidwa kandalama kochepa koti akapezere lendi. Msasa wa Akasia unafika mu Malichi 2009, wa Blue Waters mpaka 2010. Palibe amene anagamulidwa pa imfa ya Nhamuave.

Amalawi ambiri sanadikire zonsezi. Popeza kwathu kunalibe nkhondo, lamulo silinkawaona ngati othawa kwawo, choncho chowatsalira chinali kubwerera kudera lomwe anawathamangitsa kapena kukwera mabasi amene boma lathu linatumiza, n'kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Msuweni wanga anafika kumudzi ndi jumbo imodzi ndi bulangete lotuwa la pamsasa, atasiya firiji, wayilesi ndi malata omwe ankafuna kudzafolera nyumba ya amayi ake. Tinamulandira ndi misozi, analumbira kuti sadzapondanso. Mvula isanagwe anali atagulitsa mbuzi ziwiri, ulendo wa ku Joni. Sindinamuletse, pakuti ndinalibe chomupatsa.

Mu Epulo 2015 matenti anakhomedwanso ku Isipingo, Chatsworth ndi Phoenix mumzinda wa Durban, ndipo mabasi ananyamukanso kubwera ku Mwanza. Tinakwiya, tinayenda m'misewu ya Lilongwe kudzudzula. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu Meyi 2023, apolisi ndi asilikali athu anazungulira m'madera a mzinda womwewo kugwira anthu a ku Burundi, Rwanda ndi Congo omwe anali ndi timagolosale pakati pathu. Anawasunga kaye kundende ya Maula, kenako n'kuwatumiza ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa womwe unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma nthawi imeneyo n'kuti muli kale oposa 50,000.