Multiband compression

Multiband compression ndi njira yowongolera kukwera ndi kutsika kwa mawu m'nyimbo. Imagawa mawuwo m'zigawo, a pansi, a pakati ndi a pamwamba, n'kupanikiza chigawo chilichonse pachokha. Imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mastering, lomwe ndi gawo lomaliza lokonza nyimbo isanapite pa wailesi, pa CD kapena pa intaneti.

Mmene imagwirira ntchito

Khutu la munthu limamva mawu oyambira pa 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz. Compressor wamba imatenga nyimbo yonse ngati chinthu chimodzi, ndipo mawu akapitirira mlingo wotchedwa threshold imatsitsa zonse pamodzi. Popeza mawu a besi ndi amene amakhala ndi mphamvu zambiri, ng'oma ikalira kwambiri woimba nayenso amamira kwa kanthawi. Multiband compressor imayamba yalekanitsa mawuwo ndi zosefera zotchedwa crossover, nthawi zambiri m'zigawo zitatu kapena zinayi. Chigawo chilichonse chimakhala ndi threshold yake, ratio yomwe imanena kukula kwa kupanikiza, komanso attack ndi release zomwe zimanena changu chogwira ndi chomasula.

Gule wa Mwinoghe wa m'boma la Chitipa ndi chitsanzo chabwino. Guleyu, yemwe amavinidwa ndi Asukwa, Andali ndi Abandya ndipo UNESCO inamulemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2018, alibe mawu oimba. Mumamveka ng'oma zitatu, wenzulo ndi malamulo a wotsogolera. Akajambulidwa ndi maikolofoni imodzi kapena ziwiri pabwalo, zonsezi zimalowa m'fayilo imodzi ndipo zimavuta kuzilekanitsanso. Wokonza angathe kugwira ng'oma m'chigawo cha pansi, kufewetsa wenzulo wolasa m'makutu m'chigawo cha pamwamba, n'kusiya chapakati pomwe pali mawu a wotsogolera.

Mbiri

Njirayi inakula m'nyumba zoulutsira mawu ku United States. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mike Dorrough anapanga makina otchedwa Discriminate Audio Processor, omwe ankagawa mawu patatu. Kampani ya Orban inatchuka ndi makina a Optimod. Mu 1996 TC Electronic ya ku Denmark inatulutsa Finalizer, ndipo masitudiyo ang'onoang'ono anayamba kudzipangira okha mastering. Masiku ano ntchitoyi imachitika pa kompyuta, ndi mapulogalamu monga iZotope Ozone kapena Maximus ya mu FL Studio.

Zovuta zake

Chida ichi n'chosavuta kuonongera nacho nyimbo. Kupanikiza kwambiri zigawo zonse kumasintha mlingo umene wosakaniza anaika pakati pa zida, ndipo ng'oma imataya kugunda kwake. Mawailesi ambiri a FM amapanikizanso mawu m'zigawo asanawaulutse, choncho nyimbo yofinyidwa kale mu situdiyo imafinyidwa kawiri. Pa Spotify phindu lake ndi lochepa, chifukwa nyimbo zimaikidwa pa mlingo wa pafupifupi -14 LUFS ndipo yokwezedwa kwambiri imangotsitsidwa.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri amayatsa chigawo chokhacho chomwe chili ndi vuto, ndi ratio yochepa monga 2:1, n'kutsitsa 1 kapena 2 dB basi. Ngati mafayilo a chida chilichonse alipo, ndi bwino kubwerera kukakonza kasakanizidwe. Pomaliza nyimbo imamvedwanso pa foni ndi pa kasipika kakang'ono, popeza zotere sizitulutsa besi yeniyeni.