Fodya wa ku Maryland ndi duwa la amayi anga



Ulendo uno ndati ndilembeko za nyale zounikira zomera m'nyumba nthawi yachisanu. Mbiri ya nyalezi ili ndi mizu pakhomo pathu pomwe pano, ku Arlington ndi ku Beltsville, ndipo chodabwitsa nchakuti inayamba ndi fodya. Koma ndiyambe ndi duwa langa, poti ndi limene linandichititsa kufufuza zonsezi.

Amayi anga anamwalira mu Disembala ine ndili kuno, ndipo pomwe ndimati ndipeze tikiti anali ataikidwa kale. Azimayi anzanga a kutchalitchi atabwera kudzandipepesa anandibweretsera poinsettia, duwa la masamba ofiira lija limadzaza m'masitolo pa Khrisimasi. Iwo anangogula chomwe chinalipo. Sanadziwe kuti kwathu ku Zomba amayi anali ndi mpanda wa maluwa omwewa, otalika kuposa munthu, omwe ankafiira mu Juni ndi Julayi, nthawi ya chiperoni. Kuno anthu amalitaya Januwale akafika. Ine ndinalephera.

Nyumba yomwe ndimachita lendi ku Silver Spring ili ndi windo loyang'ana kumpoto, dzuwa sililowa. Pofika Febuluwale masamba anali atayoyoka, kutsala timitengo. Namwino mnzanga wa ku Philippines anandiuza kuti ndigule nyale ya zomera. Ndinagula, duwa linaphukiradi. Ndiye poganiza kuti chakudya chikachuluka mwana amanenepa, ndinkaisiya nyale ija chiyakire mpaka pakati pausiku. Duwa linakula bwino, koma Disembala atafika linali lobiriwira ngati chigwada. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Apa mpamene ndinayamba kuwerenga kuti ndione pomwe ndimalakwitsa.

Choyamba tione kusiyana kwa kwathu ndi kuno. Ku Malawi tsiku lalifupi kwambiri limakhala ndi dzuwa la maola opitirira pang'ono 11, lalitali pafupifupi maola 13. Nchifukwa chake kumudzi sitilabadira kutalika kwa tsiku, timangoyang'ana mvula. Kuno ku Washington kumapeto kwa Juni dzuwa limakhala pafupifupi maola 15, koma kumapeto kwa Disembala maola 9 ndi theka okha, ndipo limadzera m'munsi, lopanda mphamvu. Chomera cha kumalo otentha chikakhala kuseri kwa galasi nyengo imeneyi chimakhala pa njala, chifukwa chakudya chake chimapangidwa ndi kuwala.

Maganizo othandiza zomera ndi magetsi ndi akale. M'chaka cha 1880 William Siemens ku England anayesa kuunikira mbewu ndi nyale zamphamvu zamagetsi, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Liberty Hyde Bailey anachita zomwezo pa yunivesite ya Cornell. Anaona kuti letesi amakula msanga, koma nyale za nthawi imeneyo zinali zodula ndipo zinkawaula masamba zikayandikira. Onsewa ankaganizira za kuchuluka kwa kuwala. Za nthawi yomwe kuwalako kumatenga panalibe yemwe anazimvetsa.

Yankho linachokera m'minda ya fodya ya kummwera kwa Maryland. Cha m'ma 1906 munapezeka mtundu wina wa fodya womwe anautcha Maryland Mammoth. Ife amene tinakulira pafupi ndi zigafa tikudziwa kuti fodya akafika msinkhu amatulutsa maluwa, mlimi nkudula nsonga kuti mphamvu ipite ku masamba. Fodya uyu ankangokula, masamba mbwee, kupitirira mamita atatu, osachita maluwa mpaka chisanu kumupha. Kwa mlimi anali chuma, koma mbewu ya chaka chamawa ikachokera kuti? Akamuzula nkumuika m'nyumba yagalasi yofunda, ankachita maluwa pakati pa chisanu.

Akatswiri awiri a unduna wa zaulimi wa dziko lino, Wightman Garner ndi Harry Allard, anatenga nkhaniyi. Ankagwira ntchito pa Arlington Farm, munda wa kafukufuku womwe unali tsidya la mtsinje wa Potomac, moyang'anana ndi mzinda wa Washington. Anayesa kutentha, madzi, nthaka, osapeza kanthu. Analinso ndi soya wotchedwa Biloxi, yemwe ngakhale amubzale miyezi yosiyana ankachita maluwa nthawi imodzi, mu Seputembala. M'chaka cha 1918 anakhoma kanyumba kamatabwa kosalowa kuwala. Madzulo dzuwa likanali ankalowetsamo zomera, mmawa nkuzitulutsa. Mwanjira imeneyi anafupikitsa tsiku pakati pa nyengo yotentha, ndipo fodya uja anachita maluwa. Anayesanso mbali inayo: nthawi yachisanu anatalikitsa tsiku ndi mababu amagetsi, fodya nkukana maluwa. M'chaka cha 1920 anasindikiza zomwe anapeza, kuti zomera zambiri zimadziwa nyengo poyeza kutalika kwa tsiku. Zina zimadikira masiku afupiafupi, zina aataliatali, zina sizisamala.

Munda umenewu kulibenso. Asilikali anautenga kumayambiriro a zaka za m'ma 1940, ndipo gawo lake lero ndi manda a Arlington. Nyumba ya Pentagon poyamba inkati imangidwe pamundapo, ndipo ngodya zake zisanu zinachokera ku malire a mundawo, ngakhale kenako anaimanga chakummwera pang'ono. Kafukufuku anasamukira ku Beltsville, Maryland. Ambiri a ife timadutsa pamenepo popita ku Laurel kapena ku Baltimore osadziwa zomwe zinachitikapo.

Panali patatsala funso: chomera chimayeza usana kapena usiku? M'chaka cha 1938 Karl Hamner ndi James Bonner ku Chicago anaonetsa kuti ndi usiku. Ukadula usana ndi kamdima pang'ono palibe chosintha, koma ukadula usiku wautali ndi kuwala kwa mphindi zochepa, chomera chodikira masiku afupiafupi chimaleka kuchita maluwa. Ku Beltsville, Harry Borthwick ndi Sterling Hendricks ndi anzawo anagawa kuwala m'mitundu yake ngati utawaleza, naika zomera pansi pa mtundu uliwonse. Anapeza kuti kuwala kofiira ndi komwe kumadula usiku kwambiri. M'chaka cha 1952, poyesa njere za letesi, anaona kuti kuwala kofiira kumazimeretsa, koma kuwala kwina kofiira kozama, komwe maso athu amakuona movutikira, kumafafaniza zomwe koyambako kwachita. Zinali ngati switchi, kuyatsa ndi kuthimitsa. M'chaka cha 1959 Warren Butler, Karl Norris, Harold Siegelman ndi Hendricks anachipeza chinthu chenichenicho m'kati mwa chomera, ndipo chinatchedwa phytochrome. Tingati ndilo diso la chomera.

Nditawerenga izi ndinaliona tchimo langa. Poinsettia ndi ya ku Mexico, ndipo dzina lake linachokera kwa Joel Poinsett, kazembe woyamba wa dziko lino kumeneko m'zaka za m'ma 1820. Ili m'gulu limodzi ndi fodya uja, imadikira usiku wautali. Nchifukwa chake kuno imafiira mu Disembala pomwe kwathu, kummwera kwa dziko lapansi, imafiira mu Juni. Mpanda wa amayi unkawerenga usiku wa ku Zomba, komwe kuseri kwa nyumba kunalibe ngakhale babu. Ine ndi nyale yanga ndinali kuliuza duwa langa tsiku ndi tsiku kuti nyengo sinakwane.

Nanga nyalezo zinafika bwanji m'nyumba za anthu wamba? Babu lakale la waya silinathandize kwenikweni. Limatentha, ndipo kuwala kwake kuli ndi kofiira kozama kochuluka, komwe kumachititsa chomera kutalika monyozoloka ngati chimanga chomera pansi pa mtengo wa mango. Zinthu zinasintha pomwe machubu a fluorescent anayamba kugulitsidwa mu 1938. Satentha kwambiri, choncho ukhoza kuwayandikiza ku masamba. Duwa lomwe linatchuka nawo ndi la kwa anansi athu: African violet, lomwe Walter von Saint Paul anatumiza ku Germany mu 1892 kuchokera ku mapiri a Usambara ku Tanzania. Poti kwawo limamera pamthunzi, kuwala kwa chubu kumalikwanira, ndipo nkhondo yachiwiri itatha anthu a kuno ankalidzaza m'mashelefu ngakhale m'zipinda zapansi. M'zaka za m'ma 1960 kampani ya Sylvania inatulutsa chubu cha zomera chotchedwa Gro-Lux, chowala mofiirira.

Nyale za LED zomwe tikugula lero zinayamba kuyesedwa pa zomera kumapeto a zaka za m'ma 1980 pa yunivesite ya Wisconsin, mothandizidwa ndi NASA, yomwe inkafuna njira yolimira ndiwo m'mlengalenga. Poyamba zamphamvu zinali zofiira zokha. Za buluu zowala bwino zinapangidwa ku Japan kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira nazo mphotho ya Nobel mu 2014. Mu Ogasiti 2015 anthu a pa International Space Station anadya letesi wolimidwa momwemo pansi pa LED. Nyale yomwe ili pakona m'chipinda changa ndi mdzukulu wa zimenezo.

Monga namwino sindingasiye kutchula kuti nkhaniyi inafikanso kwa anthu. Dokotala Norman Rosenthal, wobadwira ku Johannesburg, atasamukira kuno anaona kuti chisanu chikafika mphamvu zimamuthera. M'chaka cha 1984 iye ndi anzake ku National Institute of Mental Health, ku Bethesda, analongosola matenda a kukhumudwa kobwera ndi nyengo ya masiku afupiafupi, ndi kuwachiza pokhala pafupi ndi nyale yowala kwambiri. Ena mwa inu mukudziwa ulesi ndi chisoni cha mu Januwale chomwe sitinkachidziwa kwathu. Chikakula musachite manyazi, kaonaneni ndi dokotala. Koma nyale ya zomera si ya ntchito imeneyo.

Tsono zomwe ndinachita ndi izi. Ndinagula kachipangizo koyatsa ndi kuthimitsa nyale pa nthawi yake. Zomera za masamba wamba, monga kapeyala komwe ndinameretsa ku njere, zimalandira maola 12 mpaka 14, kenako mdima. Madzi ndinachepetsa, poti m'chisanu mizu simamwa kwambiri ndipo imaola msanga. Poinsettia, kuyambira sabata yoyamba ya Okutobala, ndinkaitsekera m'kabati ya zovala 5 koloko madzulo nkuitulutsa 7 koloko mmawa, maola 14 a mdima wosadukiza, masana nkuiika pansi pa nyale. Masiku omwe ndinali pa naiti ndinkaitsekera ndisananyamuke, nkudzaitulutsa ndikaweruka. Mwana wanga ndinamuletsa kutsegula kabatiyo usiku, ngakhale atafuna jekete. Ankandiseka, amvekere, “Amama, mwagoneka duwa m'wodi?”

Patatha masabata asanu ndi limodzi, mmawa wina ndikuchokera ku ntchito ndisanavule ndi yunifolomu yomwe, ndinatsegula kabati nkuona timasamba ta kunsonga titayamba kufiira m'mphepete. Ndinakhala pansi pomwepo. Maliro omwe sindinalire ku Zomba ndinalira tsiku limenelo. Pofika tsiku lokumbukira amayi, duwa lonse linali psuu.

Garner ndi Allard ankangofuna mbewu ya fodya, ndipo kanyumba kawo sikanasiyane kwenikweni ndi kabati yanga. Chomwe anatisiyira nchakuti nyale payokha sikwanira, uyenera kudziwanso nthawi yoithimitsa. Ine amene ndagwira naiti zaka zambiri, nthawi zina mashifiti awiri motsatana kuti kumudzi kupite kangachepe, phunziro limeneli linandilasa. Chaka chino ndachepetsako.

Amene muli ndi poinsettia ya Khrisimasi yapitayi musataye. Mu Epulo iduleni nthambi, kukafunda muitulutse panja, Okutobala akafika muipatse mdima wake. Ndipo amene mukupita kumudzi mu Juni, mukandionereko ngati mipanda ija ikufiirabe.