FODYA NDI ZIDZUKULU ZACE: MBIRI YA MAINA AO

Madzulo ano tikambirana za fodya. Kale munthu akapempha fodya, mnzace anangomfunsa kuti, "Wokoka kodi, kapena wa m'mphuno?" Lero kwafika timipope tofuka nthunzi, timatumba toika m'kamwa, ndi zina zambiri. Kodi zonsezi ndi ndudu? Funsoli si lacabe ai, pakuti dzina limene Boma lipatsa cinthu ndilo liweruza msonkho wace, ndi amene aloledwa kucigula, ndi malo amene munthu angacikokere.

Fodya kwao ndi ku America. M'caka ca 1492 amalinyero a Columbus anaona anthu a pa cisumbu ca Cuba alikumwa utsi wa masamba opiringiza. Jean Nicot, kazembe wa Afalansa ku Lisbon, anatumiza mbeuyo kwao ca m'ma 1560, ndipo dzina lace linatsalira pa nikotini, mankhwala aja a m'tsamba amene amanga munthu kuti asaleke. Kuno ku Africa fodya anadza ndi zombo za amalonda, makamaka Apwitikizi. Makolo athu anampatula monga mwa madyedwe ace: wa m'kaliwo, wa m'mphuno, ndi wobvwata m'kamwa. Kupatula kumeneku kunakwanira zaka mazana atatu.

Cimene cinasintha zinthu ndi makina. Munthu waluso anali kupiringiza ndudu zinai pa mphindi imodzi. M'caka ca 1881 James Bonsack wa ku Virginia analembetsa makina opanga ndudu 200 pa mphindi. Ndudu zinatsika mtengo, ndipo pa nkhondo ziwiri zikuru zija asilikari anazifalitsa ponse ponse. Maboma ataona ndalama zace, anayamba kupatula fodya monga mwa cobvala cace: wokulungidwa m'pepala ndiye ndudu, wokulungidwa m'tsamba la fodya ndiye cigar, ndipo wina ndi wa m'kaliwo. Mtundu uli wonse unalandira msonkho wace. Apa nkuti anthu ocepa okha ndiwo anafunsa za mapapo a wokokayo.

Funso la mapapo linamveka kwambiri m'caka ca 1950, pamene akatswiri awiri a ku London, Richard Doll ndi Bradford Hill, anasonyeza kuti kukoka ndudu kuyenderana ndi khansa ya m'mapapo. Boma la America linabvomereza zomwezo poyera m'caka ca 1964. Eni mafakitale sanagone. Anacurukitsa ndudu za sefa kumapeto, natulutsanso zina zimene anazicha "light" ndi "mild," ndiko kunena zopepuka ndi zofatsa. Koma wokoka ndudu yopepuka amakoka mwamphamvu ndi kawirikawiri kuti apeze nikotini wace, ndipo nthenda imfikira cimodzimodzi. Cifukwa cace pangano la maiko lolimbana ndi fodya, limene linapangidwa m'caka ca 2003 pansi pa World Health Organization, liuza maboma kuti aletse maina onyenga pa mapaketi. Zambia inalowa m'panganolo m'caka ca 2008.

Kuti muone mphamvu ya dzina, tamvani za ku America m'caka ca 2009. Boma litakweza msonkho wa timacigar tating'ono, eni ace ena anangotilemeretsa pang'ono kuti tiwerengedwe pamodzi ndi zikuru, zimene msonkho wace unali wocepa. Fodya wopiringiza wekha anamlemba kuti ndi wa m'kaliwo. Fisi anasintha dzina, koma mawanga anali omwewo.

Tsono m'caka ca 1976 dotolo wina wa ku London, Michael Russell, anaphunzitsa kuti cimene wokoka afuna ndi nikotini, koma cimene cimupha ndi phula la mu utsi. Ganizo lotere ndilo linabala zidzukulu za fodya. Ku Sweden anali atapanga kale cingamu ca nikotini cothandiza munthu kuleka, ndipo pambuyo pace kunadza cigamba comata pakhungu. M'caka ca 2003 Hon Lik, wodziwa za mankhwala wa ku China, anapanga ndudu ya magetsi: mulibe tsamba, mulibe moto, koma batire litenthetsa madzi a nikotini kuti asanduke nthunzi. M'caka ca 2014 ku Japan ndi ku Italy kunayamba kugulidwa IQOS, imene ifunditsa fodya weni weni osamuyatsa. Kunadzanso timatumba toyera ta nikotini topanda tsamba, toika kunsi kwa mlomo.

Maiko anasiyana maganizo pa ndudu ya magetsi. Ku America bwalo la milandu linaweruza m'caka ca 2010 kuti iwerengedwe ngati fodya, osati mankhwala. India anailetsa konse m'caka ca 2019. Australia analamula m'caka ca 2024 kuti igulidwe m'masitolo a mankhwala okha. A kasitomu a m'malire naonso anasowa poilemba, kufikira pa 1 January 2022, pamene buku lao la katundu wa maiko onse linatsegula mutu watsopano, nambala 24.04, wa zinthu za fodya kapena nikotini zokoka popanda moto, pamodzi ndi nikotini wa m'kamwa ndi wa pakhungu.

Nanga ife tipatule bwanji? Funsani mafunso atatu. Loyamba: kodi pali moto? Ngati ulipo, ndiye mtundu woopsa koposa, kaya ndi ndudu ya m'paketi, kaya balani wopiringiza m'nyuzipepala, kaya kaliwo, kaya shisha wa m'mabawa amene utsi wace upyola m'madzi. Madziwo sacotsa ululu. Laciwiri: kodi muli tsamba? Nsunko ndi fodya wofunditsa zilibe lawi, koma ndi fodya ndithu, ndipo ziri ndi zoipa zace. Lacitatu: kodi anacipangira ciani? Cingamu ndi cigamba ndi mankhwala olekera. Ndudu ya magetsi iri ndi ululu wocepa poyerekeza ndi utsi, koma si yopanda coipa, ndipo mwana amene sanakokepo imgwira ndi nikotini yemweyo.

Inu a pansi pa mgodi mudziwa kale nchito ya pfumbi la miyala m'cifuwa. Mapapo amene alandira pfumbi usana, akalandiranso utsi madzulo, atopa msanga. Fodya akupha anthu oposa 7,000,000 caka ndi caka pa dziko lonse. Cotero wogulitsa akakuonetsani cinthu ca dzina latsopano, mfunseni mafunso atatu aja musanaturutse ndalama.