Load balancer

Load balancer ndi makina kapena pulogalamu yomwe imaima kutsogolo kwa maseva angapo, n'kumagawira seva iliyonse zopempha za anthu pa intaneti. Ina imagawa mosinthanasinthana, ina imasankha seva yomwe ili ndi ntchito yochepa. Seva ikafa, load balancer imasiya kuitumizira anthu. Mapulogalamu otchuka ndi HAProxy ndi Nginx, yomwe Igor Sysoev anatulutsa mu 2004.

Ntchito yake ina ndi kumasula uthenga wobisidwa ndi TLS, njira yomwe inalowa m'malo mwa SSL mu 1999. Kugwirizana za makiyi obisira uthenga pomwe kulumikizana kukuyamba kumadya mphamvu zambiri, choncho load balancer imasenza ntchitoyi ndipo satifiketi ya TLS imasungidwa pamalo amodzi. Choopsa n'chakuti uthenga umayenda poyera kuchoka pa load balancer kufika ku seva. Pa nkhani za ndalama, n'kofunika kuubisanso.

Ntchito ya load balancer imakhudzanso madera ngati Mzimba, komwe mabanja ambiri a ku Jenda, Embangweni ndi Edingeni amalandira ndalama kuchokera kwa abale ogwira ntchito ku Johannesburg. Kumapeto kwa mwezi anthu ochuluka amatumiza ndalamazo kudzera pa intaneti nthawi imodzi, ndipo popanda load balancer seva imodzi yokha ikhoza kulemedwa mpaka kuima.