Akamaliza Sitandade 8 ku Bandawe

Mbiri ya chithandizo cha anthu aulumali m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay ndiiyambira pa Bandawe, kufupi ndi Chintheche. Apa ndi pomwe Dr Robert Laws adasamutsira mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1881 pothawa malungo a ku Cape Maclear. Malungowo adawalondola ndithu, ndipo mu 1894 likulu la mishoni lidakwera phiri kupita ku Khondowe. Maphunziro a ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku adakakhazikika kumtundako, kunyanja kudatsala tchalitchi ndi masukulu a ana. Kwa aulumali, zinthu zayenda m'mapazi omwewo kufikira lero: mwana amathandizidwa pafupi, koma luso lodyera amakalipeza kutali.

Boma lidakhazikitsa bungwe la MACOHA potsatira lamulo la 1971. Nthawi imeneyo anthu ankangoti "opunduka", osaona vuto. Bungweli lidachita zooneka: fakitale yoluka ya ku Bangwe mu Blantyre, sukulu za ntchito zamanja ku Magomero m'boma la Chiradzulu ndi ku Lilongwe. Koma taganizani mtsikana woyenda chokwawa wa ku Usisya. Kuti akafike ku Magomero ayambe wanyamulidwa pamsana, aikidwe m'boti, akwezedwe m'sitima ya Ilala, kenaka atherenso tsiku lathunthu m'basi. Makolo ambiri ankangoti bola akhale pakhomo azisenda chinangwa.

Mu 1979 kudabwera Malawi Against Polio, yomwe inkayendera zipatala za m'maboma ndi kupereka ndodo, zitsulo za m'miyendo ndi njinga zopalasa ndi manja. Poliyo atachepa, bungweli lidasintha dzina kuti lizithandiza ulumali wina. Njinga zija zidatukula ambiri, ngakhale aliyense wodziwa mchenga wa ku Kande akudziwa kuti njinga yotere imathera pomwe pathera msewu.

Chonyaditsa chathu chenicheni ndi sukulu ya ana osamva ya pa Bandawe, ya Sinodi ya Livingstonia. Mwana amafika pamenepo alibe mawu ndi amodzi omwe, kwawo ankangomukodola ndi kumulozera. Pakatha zaka zingapo amacheza m'chinenero chamanja, amalemba, amakangana ndi anzake za mpira. Tsono akamaliza Sitandade 8? Aphunzitsi a kusekondale odziwa chinenero chamanja ndi owerengeka. Mnyamata wa zaka 18 amabwerera kumudzi komwe amalume ake amayankhula Chitonga, kusukulu adaphunzira zamanja, ndipo palibe womasulira. Kunyanja usiku asodzi a usipa amaitanizana mumdima, choncho eni chilimira amaopa kumutenga. Amatsala pagombe kusoka maukonde, ntchito yomwe malipiro ake nthawi zambiri ndi nsomba za ndiwo.

Mabungwe achifundo adayesa kutseka mpatawu. Ripple Africa, yomwe idayamba mu 2003 ku Mwaya, imafikira mabanja m'midzi ndi mafizo komanso zipangizo zoyendera. Ndimawayamikira, chifukwa kufika pakhomo n'kosiyana ndi kuitanira munthu ku ofesi. Komabe opereka ndalama kunja mtima wawo umagunda msanga akaona chithunzi cha mwana, osati cha bambo wandevu wofuna makina osokera ndi mpamba.

Malamulo ndiye tili nawo. Lidabwera la 2012, kenaka la 2024 lomwe lidasandutsa MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Ife ogwira ntchito m'boma timadziwa kuti lamulo limayenda pokhapokha likapatsidwa mzere wake mu bajeti ya khonsolo. Mzere womwe ndikadakonda kuuona ndi waung'ono: wolipira mmisiri wa matabwa wa pa Chintheche kapena telala wa pa Mpamba kuti atenge wachinyamata mmodzi wochokera ku Bandawe, amuphunzitse kwa chaka, madzulo azikagona kwawo.