Za Akasupe a Madzi Otentha

Pamene ndinali kuyenda pa nchito ya boma mu mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, ndinaima pa Chinyunyu. Ndinapisa cala m'kasupe, koma ndinacicotsa msanga. Kuyambira tsiku lomwelo ndakhala ndikufunsa za mbiri ya madzi otere.

Madziwa ndi a mvula. Amalowa m'ming'alu ya matanthwe kufikira pansi pakuya pamene miyala iri yotentha, ndipo amakweranso asanazizire.

Anthu anadziwa akasupewa kale lomwe. Pa Gwisho, ku Lochinvar, akatswiri anakumba pakati pa 1960 ndi 1964, napeza mafupa a alenje amene anakhala pamenepo zaka ngati 4,000 zapitazo, pamodzi ndi zipangizo zao zamitengo zosaola.

Tsono m'caka ca 1986 boma la Italy linathandiza kuika makina awiri opanga magetsi pa Kapisya, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika. Makinawo sanagwire nchito, pakuti madzi amene anapezeka sanatenthe kufikira muyeso wofunika. Iyi ndi nkhani yacisoni, koma iri ndi phunziro: tiyambe tayesa citsime tisanagule makina.

M'caka ca 2024 cilala cinaphwetsa Kariba, ndipo tinakhala mumdima maora ambiri. Moto wa pansi pa nthaka sudikira mvula ya caka cimodzi. Cifukwa cace ndinena kuti ana athu aphunzire bwino za akasupewa, ndipo pokumba asaononge malo amene makolo anatisiyira.