Mnyasa wopanda dzina m'kanema wa ku Sophiatown

Agogo anga aamuna adapita ku Joni ndi Wenela mu 1956. Adabwerako ndi bokosi lachitsulo, chifuwa chosamva mankhwala, ndi chithunzi chimodzi chomwe chiswe chidadya ine ndisanabadwe. N'chifukwa chake tsiku lomwe ndidaonera kanema wa Come Back, Africa, ndinkasakasaka nkhope yawo.

Kanemayu adajambulidwa mu 1958 ndi Lionel Rogosin wa ku America, mozembera boma la tsankho. Iye adanamiza akuluakulu kuti akujambula za nyimbo, pamene ankajambula moyo wa munthu wakuda mu Johannesburg. Nkhani yake adailuka pamodzi ndi Lewis Nkosi ndi Bloke Modisane, alembi a magazini ya Drum.

Mwininkhani ndi Zacharia, Mzulu wothawa njala kumudzi. Ayamba ntchito mumgodi, kenaka m'nyumba ya mzungu, m'galaja, m'hotela, ndipo konseko amuchotsa. Chiphaso chimutsata ngati chithunzithunzi. Tsiku lina apolisi amugwira, ndipo pobwerako apeza mkazi wake ataphedwa ndi chigawenga.

Banjali limakhala ku Sophiatown, amodzi mwa malo ochepa mu Joni komwe munthu wakuda ankaloledwa kugula malo n'kumanga nyumba yakeyake. Kumeneko akuda, makaladi, amwenye ndi Matchaina ankagawana mpanda. Boma lidaona kuti zimenezi n'zosayenera. Pa 9 February 1955 apolisi 2,000 adafika m'mamawa n'kuyamba kukweza mabanja m'malole kupita nawo ku Meadowlands. Pomwe Rogosin ankajambula n'kuti nyumba zikugwetsedwa, moti mabwinja mukuonawo ndi enieni. Pamalopo adamangapo nyumba za azungu n'kupatcha Triomf, kutanthauza chipambano. Dzina lakale lidabwerera mu 2006.

Tisanamizane, kanemayu adachita chamuna. Nthawi imeneyo wakuda m'kanema ankakhala wonyamula katundu kapena wovina. Apa adakhala mwininkhani. Miriam Makeba, yemwe akuimba m'shabini, adapita kukaonetsa kanemayu ku Venice mu 1959, ndipo chaka chotsatira boma lidamukaniza kubwerera kwawo kukaika mayi ake.

Koma taonetsetsani m'shabinimo. Otsutsana za ndale m'Chingerezi ndi anyamata asukulu, a Can Themba, a Nkosi ndi a Modisane. Zacharia, amene mavutowo ali pamsana pake, wangokhala phee, kumvetsera ngati mlendo pamlandu wa eni mudzi. Amwenye ndi Matchaina aja nkhani siikhala pa iwo.

Nanga anthu akwathu? Koyambirira kwa kanemayu timaona chinamtindi cha amuna akuyenda mumdima wa mgodi, nyali zili pamphumi. Zaka zimenezo m'migodi ya golide mudali amuna zikwizikwi ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Basutoland. Kodi pamzerewo panalibe wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba? Palibe adamufunsa dzina. Iye sankakhala ku Sophiatown. Ankagona m'komboni ya amuna okhaokha, pabedi lasimenti, mkazi ndi ana ali kumudzi. Zacharia adali ndi nyumba yoti aigwetse. Mnyasa wa Wenela analibe n'komwe khomo loti apolisi agogodepo.

Wenela idaima kuno mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74. Omwe adapitako akutha mmodzimmodzi, ndipo nkhani zawo zikulowa nawo m'manda.

Rogosin sindimuimba mlandu. Adabisa kamera n'kutulutsa zomwe adatha. Mlandu uli ndi ife: machona ndi athu, ndipo mwana wa mnzako sangakulirire maliro.

Gawo la mumgodi lija ndidalibwereza kasanu, kuliimitsa nkhope ndi nkhope. Wina wake wamtali, wamasaya olowa, adacheukira kamera kamphindi kochepa. Ndidaitana mayi. Adayang'ana nthawi yaitali, kenaka adati: "Kaya mwanawe. Onsewa akufanana ndi bambo."